Kanyama Kosamba Fumbi

A Useni anafika pokalamba asanawetepo kanthu. Nkhuku za pakhomo zinali za akazi awo a Madina, mphaka anali wa mudzi wonse, ndipo iwo ankangosoka maukonde a anzawo pansi pa mtengo wa mango ku Chia, chifukwa bondo linali litawatsitsa m'bwato. Ndiye anthu atawaona akubwera ndi khola la waya panjinga, anangoti mwina atumidwa.

Kanyamako anakapeza pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, kumene anapita kukasoka ukonde wa mlonda wa pamenepo, Raston. Mzungu mwini malowo anali atadwala n'kunyamuka mwadzidzidzi kupita kwawo, kholalo n'kulisiya pakhonde. Mkatimo munali kanthu kotuwa, ka makutu aakulu ndi mchira ngati wa gologolo, katadzipanikiza pakona. Botolo lake la madzi linali gwa. Raston ndi mnzake anali atasonkha kale moto, akukangana ngati nyama yake ingakome ngati ya mbira kapena ya mbewa. Mnzakeyo atakagwira pamsana, ubweya wodzaza dzanja unangosololoka, kanyamako n'kulira kamawu kakang'ono kamene kanawalowa a Useni mpaka mumtima.

"Iwe Raston, ndiwo ili pati pamenepa? Ubweya wokhawokha," anatero. "Tenga mlamba uwu, undipatse kameneka."

"Mukatani nako, madala? Inu zoterezi simudya."

"Ndikaona konko."

Kunyumba a Madina anakasuzumira kamodzi kokha n'kugamula kuti ndi mbira ya chizungu. Tsono mbira ndani sadziwa kuweta? Malo ake ndi kukhitchini, pafupi ndi mafuwa pofunda, chakudya chake kholowa ndi makoko a nthochi. Anachita zomwezo. Ndipo popeza kanali kununkha khola, a Useni anatunga madzi m'beseni n'kukasambitsa bwinobwino ndi sopo, chifukwa munthu wa kunyanja amakhulupirira kuti palibe chimene madzi angalephere kukonza.

Ubweyawo sunaume tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Kanyamako kanatsegula m'mimba, kanasiya kudya, kakungonjenjemera mu utsi. A Useni anachita mantha. Anakajambula pa foni n'kutumiza chithunzicho kwa mwana wawo Rahila, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Lilongwe. Posakhalitsa foni inalira.

"Ababa, si mbira imeneyo. Ndafufuza, akuti dzina lake ndi chinchila, kwawo ndi kumapiri ozizira a ku South America. Mwakaika pati?"

"Kukhitchini, kuti kazimva kufunda."

"Kachotseni msanga! Kutentha ndi kumene kumakapha. Muzikapatsa udzu wouma, osati masamba aawisi. Ndipo chonde musakasambitse ndi madzi, kamasamba fumbi."

A Useni anayang'ana beseni lija.

"Ababa, mwakasambitsa?"

"Pang'ono."

"Ndi sopo?"

"Nanga munthu n'kusamba popanda sopo?"

Anakapukuta ndi nsalu youma, akukapepesa chamumtima, n'kusamutsira khola m'chipinda chawo chogona, kumene dzuwa silifika. Udzu anakamweta kudambo n'kuuyanika pathandala pamodzi ndi usipa wa eni ake. Vuto linali fumbi. Mchenga wa kunyanja Rahila anaukana, ati ndi wokhakhala. Ndiye a Useni anakapala dothi louma kuchulu, analisinja, n'kulisefa ndi sefa ya ufa wa kondowole, a Madina atapita kumunda. Koma sefa siidziwa kusunga chinsinsi.

"Bambo a Rahila, ufa wanga lero ukulumika mchenga chifukwa chiyani?"

"Mwina chigayo."

"Chigayo chake chimene chili m'chipindamo? Ine ndakwatiwa nanu zaka zonsezi, simunandisefereko ngakhale ufa wa phala. Abwana anuwo ndiye mpaka dothi losefa!"

Dzina linachokera pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo kanyamako kanali Abwana, ndipo anthu obwera ndi maukonde ankayamba afunsa kuti Abwana adzuka bwanji asanafunse za bondo.

Abwana anachira. Akawaikira beseni la dothi ankalowamo n'kugubuduka mothamanga, fumbi kuti koboo, n'kutuluka akuwala. A Useni, amene moyo wawo wonse anaphunzitsidwa kuti ukhondo ndi madzi, ankangopukusa mutu. Zina anaphunzira chifukwa cholakwitsa. Anaphunzira kuti kanyamako sukagwira pamsana, umangotambasula dzanja n'kudikira. Anaphunziranso kuti mano ake safuna kukhala chabe, pamene kanawatafunira mswaki wawo mpaka kutha, n'kuyambanso mwendo wa bedi. M'mamawa akabwera kumzikiti, kunja kukadali kachisisira, kankakwera pamkono pawo n'kukhala paphewa, kakununkhiza ndevu. Munthu wamkulu ndithu, wa zidzukulu, ankaima nji osagwedezeka kuopa kusokoneza Abwana. Anakakonda kanyamako, ndipo sankabisa.

Zonsezi zinali mu Ogasiti, mwera ukadawomba. Mwera utaleka, dzuwa la kunyanja linayamba ntchito yake.

Pofika Okutobala malata ankachita kulira ndi kutentha. Abwana anasiya kugubuduka m'fumbi. Masana ankagona chammbali, miyendo tambalale, makutu atafiira, akupuma mofulumira. A Useni anayesa zonse zimene munthu wa ku Chia amadziwa. Anaika mtsuko wa madzi m'khola kuti kanyamako kazitsamira. Anapachika chiguduli chonyowa pawindo. Anabwereka mphero kwa oyandikana nawo, poti mwala suchedwa kuzizira. Potsiriza anayamba kupalasa njinga kupita kwa amalonda a nsomba kukapempha ayisi, amene ankamuika m'botolo n'kukulunga nsalu. Bondo linkatupa, maukonde a eni ake ankadikira, koma ayisiyo ankathandiza.

Kenako magetsi anazima masiku angapo otsatizana. Amalondawo anali kulira ndi chambo chawo chimene chinkaonongeka, ndipo palibe anali ndi ayisi wopatsa mbewa ya munthu. A Useni anabwerera chimanjamanja dzuwa lili paliwombo. Anapeza a Madina atagwada pakhola, akukupiza ndi lichero, thukuta lili kamukamu.

"Musandiyang'ane choncho," anatero a Madina. "Ndikungoopa maliro m'chipinda mwanga."

Kanyamako sikanadzuke ngakhale a Useni atatambasula dzanja. Malovu anali atanyowetsa kachibwano kake. Anakanyamula n'kukagoneka pamphero, akukasisita makutu ndi chala chonyowa mpaka dzuwa linapendeka. Madzulo kanamwa madzi pang'ono.

"Bambo a Rahila," a Madina analankhula mofatsa tsopano, "mvula ikadali kutali. Novembala mukumudziwa. Kameneka mukakakakamira kafera m'manja mwanu."

"Ndiye ndikataye?"

"Ndani wanena zotaya? Achemwali anu ku Ntchisi amafunda bulangete chaka chonse."

A Useni anakwiya, monga amachitira munthu akauzidwa zoona zimene amazidziwa kale. Anati mchemwali wawoyo, Jenifa, sadziwa kusefa dothi. Anati ana a kumeneko akafinya. Anati galimoto ikapha panjira. A Madina anangopita kukawachapira malaya a paulendo.

Ananyamuka m'bandakucha kuti adutse kunsi dzuwa lisanakwere, khola lili pamiyendo, atalifunditsa chitenje chonyowa. M'galimoto anthu anafunsa ngati ndi mankhwala. Mayi wina anasuntha n'kuyamba kupemphera. A Useni analibe nazo ntchito, ankangosuzumira pansi pa chitenje kuona ngati kamimba kakugundabe. Msewu utayamba kukwera, mphepo yolowa pawindo inasintha, mpaka iwo anamanga mabatani onse a malaya.

Jenifa, mlongo wawo wamng'ono, anakwatiwa ndi a Swaibu m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri. Nyumba yawo ndi ya njerwa, ya simenti pansi, yozunguliridwa ndi mitengo. Anawalandira ndi tiyi, n'kuseka atamva kuti ulendo wonsewo ndi wa kanyama.

"Achimwene, pa ukwati wa mwana wanga munati bondo. Lero bondo lachira?"

"Tseka chitseko, Jenifa, nditsegule khola."

Kwa kanthawi kanyamako kanangotulutsa mphuno. Kenako kanatsika, kanayala mimba pasimenti, n'kukhala choncho. A Useni anamwa tiyi, anacheza ndi alamu awo za mitengo ya feteleza, diso lili pansi. Chakumadzulo, iwo atabwerekedwa kale jekete, Abwana anadzuka. Anathamanga kuzungulira chipinda, anaponda khoma n'kudumphira pampando, kuchoka pampando kufika pawindo, n'kubwereranso pansi, kenako kudumpha m'mwamba popanda chifukwa chilichonse. Jenifa anakuwa, a Swaibu anakweza miyendo.

A Useni sanaseke. Miyezi iwiri yonse anakhala nako, ngakhale nthawi ya mwera ija, sanakaonepo kakudumpha choncho. Sankadziwa n'komwe kuti kamatha. Anasangalala, komanso zinawapweteka kwambiri.

Mawa lake anamuonetsa Jenifa zonse: kasinjidwe ka dothi, kaumitsidwe ka udzu, katambasulidwe ka dzanja. Anamulumbiritsa kuti madzi ndi akumwa basi. Ananena zimenezi kawiri, kachitatu Jenifa anawadula.

"Ndamva, achimwene. Ndikusungirani bwino. Juni akafika, kunyanja kukazizira, a Swaibu adzakubweretserani."

A Useni anayang'ana m'khola. Abwana anali atagwira kaudzu ndi timanja tiwiri, akutafuna mosatekeseka, makutu ali otuwa bwino.

"Ayi," anatero. "Musadzabwere nako. Ngakhale nditaimba foni kupempha, mudzandikanize."

Anavula jekete n'kuwabwezera alamu awo, n'kutsika pang'onopang'ono kulowera kumsewu.