Mipando Khumi ya Rauta

Loweruka limenelo nyumba inadzaza ngati kuli ukwati, chonsecho kunali intaviyu chabe. Namwino ankafuna malo ophunzira ntchito ya m'chipinda cha opaleshoni, malo amene anakhala akuwasaka kwa zaka. Akuluakulu a chipatala anamuuza kuti adzamufunsa mafunso pa intaneti masana a tsikulo, ndipo anatsindika ziwiri: alowe ndi kompyuta osati foni, chifukwa padzakhala zolemba, ndipo wochedwa asadzavutike n'kugogoda.

Abale atamva, anabwera kudzamulimbitsa mtima. Amalume anafika atamanga tayi ngati ofunsidwa ndi iwo. Azakhali anabwera ndi ana awo aakazi awiri, aliyense maso pa foni. Pakhomo ankawalandira ndi mwamuna wa Namwino, amene mng'ono wa Namwinoyo anamutcha Alamu mpaka dzinalo linamumatirira. Alamu anali munthu wodziwa kulandira alendo: moni, mpando, kenako pasiwedi ya waifai, mlendo asanapemphe n'komwe.

Kompyuta inali pakona ya pabalaza, pa katebulo kamene kale kankanyamula makina osokera. Inali yakale, yolira ngati ikukoka mkonono, koma mkati mwa sabata anaiyesa ndipo zonse zinayenda. Namwino anakhala pampando, n'kukonza kolala ya bulauzi, n'kuiyatsa. Inadzuka mwaulesi wake wa masiku onse. Atatsegula tsamba la intaviyu, inamuuza mwaulemu kuti intaneti palibe.

Amalume anatsutsa pomwepo. Anakweza foni yawo, imene inkaonetsa anthu akuthamangitsana ndi mpira, kuti aliyense aone kuti netiweki ili mbwee. Azakhali anati ndi fumbi, ndipo anayamba kupukuta sikirini ndi mpango. Alamu anati ndi akampani ya intaneti, anthu amene sanawakhulupirirepo chiyambire. Kenako onse anatembenukira kwa Mzime, mng'ono wa Namwino uja. Mzime anaphunzira masamu ku yunivesite, ndipo m'banjamo digiri inkatengedwa ngati sipanala yokwana nati iliyonse, kaya ndi babu lakupsa, kaya ndi filiji yolira.

Chomwe chinamukoka Mzime sichinali chifundo chokha. Funsolo linali lokoma: mafoni onse ali pa intaneti, TV ili pa intaneti, nanga gogo wa pakonayu walakwanji? Anayang'ana chingwe chochokera ku rauta, kabokosi kophethira timagetsi kamene kamagawa intaneti m'nyumbamo. Chinali cholowa bwino uku ndi uku. Anatsegula kawindo kakuda pa kompyuta, n'kulemba mawu akuti ipconfig, ndipo panatuluka mizere ya manambala. Adiresi ya kompyutayo inkayamba ndi 169.254.

Mzime anamwetulira, zimene Namwino sanazikonde. Anafotokoza mwachidule kuti chipangizo chilichonse chikafika, chimapempha nambala kwa rauta, monga mlendo amadikirira kuuzidwa pokhala. Nambala yoyamba ndi 169 ndi imene kompyuta imadzipatsa yokha ikaitana koma osayankhidwa, ndipo siifikitsa kulikonse. Analamula kompyutayo kuti ipemphenso. Inapempha, inadikira, n'kubwera chimanjamanja. Anazimitsa rauta n'kuiyatsanso. Mafoni onse analira pamodzi polandira mauthenga, koma kompyuta inabwerera pa 169 yake ija.

"Mzime, undiuze zoona," anatero Namwino ndi mawu otsika, amene ankalankhula nawo kwa odwala ovuta. "Zitheka, kapena ndiyambe kuvula ndolo?"

"Ndolo zisiyeni, achemwali. Ndibwerekeni mafoni a anthuwa."

Anazungulira pabalaza ngati kondakitala, kuyang'ana adiresi ya foni iliyonse. Ya Amalume inkathera ndi 107. Ya Azakhali 103. Atsikana aja anapereka awo monyinyirika, ataphimba mauthenga ndi chala. Anayang'ananso TV, tabuleti ya m'nyumbamo, foni yake, ya Namwino, ndi mafoni awiri a Alamu. Manambala onse anali pakati pa 100 ndi 109, osasiya mpata ngakhale umodzi, ndipo panalibe yodutsa pamenepo. Rauta yongochoka m'sitolo siikhala youmira chotero. Winawake anaiphunzitsa.

"Alamu, munayamba mwalowako m'kati mwa rautayi?"

Alamu anawongola chifuwa. Anati inde, kalekale, tsiku lomwe inafika. Anaona pa kanema wina kuti munthu ukhoza kuchepetsa manambala amene rauta imagawa, ndiye anaika khumi, osapitirira, kuti anthu oyandikana nawo asamadye intaneti ya eni ake. Ananena izi akuyang'ana Amalume, kudikira chiyamikiro.

"Oyandikana nawowo pasiwedi akuidziwa?" anafunsa Mzime.

"Angaidziwe bwanji? Imeneyo ndimapatsa abale okha."

"Ndiye mpanda wanu wagwira ntchito, alamu. Wakuba sanalowe. Watsalira kunja ndi mwini nyumba."

Zinali zosavuta kuziona tsopano. Kompyuta inakhala yozimitsa masiku angapo, rauta n'kuyesa kuti yasamuka, ndipo mpando wake unapatsidwa kwa mmodzi wa anthu amene anabwera kudzalimbitsa mtima. Amalume anachita manyazi moti anamasula tayi. Anazimitsa foni yawo n'kuiika patebulo ngati akupereka mfuti, ndipo analamula atsikana aja kuti nawonso atero. Mzime anawathokoza, koma anati sizithandiza: rauta imeneyi ikapereka mpando imausunga mpaka mawa, mwini wake alipo kapena wapita, ndipo aona okha kuti ngakhale kuizimitsa siiwala. Amati mlendo ndi mame, koma rauta mwambiwo sinaumvepo.

Njira yoongoka inali kulowa m'rautamo n'kuwonjezera mipando. Panafunika pasiwedi ina, ya mwini wake, imene Alamu anaisintha tsiku lomwe lija pofuna chitetezo. Anakhala pansi ndi foni ya Mzime, n'kulemba mobisa ndi dzanja. Inakana. Anayesa ina. Inakananso. Anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda, ndipo Azakhali anafunsa ngati akupemphera kapena akukumbukira. Pomaliza Alamu anapempha singano kuti abaye kabowo ka kumbuyo kwa rauta, iiwale zonse iyambirenso. Mzime anamugwira mkono. Ikaiwala zonse, iiwalanso zimene akampani anaikamo, ndipo nyumba yonse ikhala mumdima mpaka Lolemba.

Namwino anatsamira pampando. Ankangotembenuza mphete pachala, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Alamu anaona zimenezo, n'kumubwezera Mzime foni yake.

Mzime anaimirira kumbuyo kwa mpando wa mkulu wake, akuluma chikhadabo. Alamu anachepetsa manambala amene rauta imagawa, koma sanachepetse manambala amene alipo. Pabalaza mipando ikatha, munthu saletsedwa kubwera ndi wake. Mzime anawerama pa kibodi, n'kutsegula pamene kompyuta imauzidwa kuti izilandira adiresi yokha, n'kusankha zolemba pamanja. Kuchokera pa foni yake anakopera manambala atatu oyambirira a adiresi, nambala ya rautayo, ndi zina zonse zofunika, akuwerenga kawirikawiri kuti asaphonye kadontho.

"Achemwali, tchulani nambala yoposa 109 koma yosafika 255."

"Iwe, ino ndi nthawi ya ndagi?"

"Tchulani basi."

"200."

Mzime analemba, n'kudina. Kachizindikiro ka pakona ya sikirini kanazungulira, kanaganiza, kenako kanasintha nkhope. Tsamba la intaviyu linatseguka lokha, ndipo pakati pake panali Namwino, kumbuyo kwake mitu ya banja lonse itaunjikana ngati pa chithunzi cha ukwati. Pansi panalembedwa kuti adikire, amulowetsa posachedwa.

Namwino sanatembenuke. Anangokweza dzanja n'kuloza chitseko, monga amachitira ndi abale a odwala nthawi yoona odwala ikatha. Onse anatuluka chonyang'ama kupita pakhonde. Kumeneko Amalume anauza Alamu monong'ona kuti nzeru zake n'zambiri, zimangofunika woyang'anira. Alamu anavomera, koma anawonjeza kuti mfundo yake inali yabwino, inangokumana ndi banja lalikulu. Atsikana anafunsa ngati angayatse mafoni, ndipo Azakhali anawayang'ana mpaka anawabweza m'matumba. Mzime anakhala pansi pafupi ndi chitseko, khutu lili m'kati. Mawu sankamveka bwino, koma ankamva kuti mkulu wake akuyankha mosadodoma, ndipo pena anamva kuseka kwa anthu angapo.

Dzuwa litayamba kupendeka, chitseko chinatseguka. Namwino anaima pakhomo, nkhope yosawerengeka, n'kupempha madzi akumwa. Anamwa pang'onopang'ono, anthu asanu ndi mmodzi akuyang'ana kukhosi kwake.

"Nanga akuti bwanji?" anafunsa Amalume, kupirira kutawathera.

"Palibe zambiri, amalume. Angondifunsa saizi ya nsapato."

Amalume anakwinya nkhope, n'kufunsa kuti ndi chipatala chanji chofunsa za mapazi a munthu m'malo mwa mutu wake. Koma Azakhali anali atagonapo m'chipinda cha opaleshoni, ndipo ankakumbukira nsapato zoyera zimene onse a m'menemo amavala. Anadzuka n'kumukumbatira Namwino mwamphamvu moti madzi otsala m'kapu anathera pa bulauzi.