Chithunzi cha M'chigafa

Matenanti a pa esiteti ina ya kwa Simlemba ankajambulitsa Lamulungu potuluka m'tchalitchi, zovala zisanachite fumbi. Poima pake aliyense ankapadziwa: pakhonde la nyumba yamalata ya kapitawo, dzanja lili pa njinga yamoto ya kapitawo yemweyo. Njinga imeneyo inakhalapo ya anthu ambiri ndithu, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaikwerapo.

Wojambula anali Fainess, mwana wa a Yobu, tenanti wochokera ku Phalombe. Mtsikanayu ataphunzira kupanga mawebusaiti ku boma, anapanga tsamba lopepuka, lotseguka ngakhale netiweki ikhale yopereweza, kuti abale a matenanti kumudzi aziona anthu awo ndi kumva za maliro ndi maukwati. Ku Phalombe ankaona a Yobu ali m'jekete, atagwira njinga, n'kumati fodya wawayanja. A Yobu sanawauzepo zimenezo, komanso sanawatsutse. Munthu amene unachoka kwanu utalonjeza kubwerako ndi malata, pakamwa pamalemera kunena kuti zaka zonsezi ukugona m'chisakasa chaudzu.

Tsono kunamveka kuti ku boma kudzakhala msonkhano wa opanga mawebusaiti, ndipo wofuna kulankhulapo atumize mutu wake. Fainess anaufunitsitsa mwayi umenewu. Anali atatopa ndi kusoka fodya, ndipo ankadziwa kuti kumalo otere n'kumene munthu amaonedwa ndi olemba ntchito. Analemba kuti adzafotokoza mmene amachepetsera zithunzi kuti zisamadye bandulo ya munthu wosauka, natumiza.

Patapita masiku anamuimbira Shalom, mmodzi wa okonza msonkhano, mayi wa mawu okoma ngati wa pa wailesi. Anati tsambalo alikonda, koma ofuna kulankhula achuluka ndipo za kuchepetsa zithunzi alembanso ena. Chimene ena alibe ndi matenanti. Komiti ikufuna kuona moyo weniweni wa anthu amene tsambalo limawatumikira, chifukwa pa zithunzi zake aliyense akuoneka ngati mwini esiteti.

"Mulibeko china chosonyeza mmene zinthu zililidi?" anafunsa Shalom.

Chinalipo. M'foni mwake munali chithunzi chimene anajambula bambo ake osadziwa: ali m'chigafa mouma fodya, opanda nsapato, malaya atang'ambika paphewa, manja ali bii ndi utomoni, chisakasa chawo chikuonekera kumbuyo. Ankachikonda chifukwa a Yobu anali akuseka, kuseka kwawo kwenikweni, osati kumwetulira kouma kwa pa njinga. Mtima unamuletsa. Koma anadziuza kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo ochiona ndi a komiti okha, anthu osawadziwa bambo akewo. Anatumiza. Kupempha a Yobu sanapemphe, pakuti yankho ankalidziwa kale, ndipo kuuza Shalom kuti asachionetse kwina sanakumbuke.

Anthu a m'tauni akakonda chinthu sachedwa nacho. Lisanathe sabata, chithunzicho chinali pa chikalata choitanira anthu ku msonkhano, dzina la Fainess lili pansi pake ndi mawu akuti mwana wa tenanti adzalankhula. Umo ndi mmene anadziwira kuti amusankha. Chimwemwe chinangomugwira kanthawi, kenako anakumbukira bambo ake. Anaimbira Shalom, ndipo mayiyo anapepesa kuchokera pansi pa mtima nati achichotsa msanga. Anachichotsadi, koma madzi akatayika saoleka. Chinali chitalowa kale m'magulu a pa foni, ndipo amene anachifalitsa kwambiri anali achinyamata a ku Phalombe, ponyadira kuti mwana wakwawo watchuka.

Fainess anayesa kupeza poyambira kuti awauze bambo ake, koma tsiku lililonse ankati mawa. Anamuyambirira ndi azakhali ake a Feliya, mlongo wa a Yobu. Anaimba masana, banja lonse lili m'chigafa kusankha fodya, ndipo popeza foni ya a Yobu inali yomveka mokweza basi, aliyense anamva, ndi matenanti oyandikana nawo omwe.

Bwenzi kuli bwino akanakalipa. A Feliya ankalira. Anati achiona chithunzicho, mudzi wonse wachiona, ndipo iwo akhala akudandaula kuti achimwene ali pabwino koma satumiza kanthu ngakhale pa maliro a mayi awo, osadziwa kuti zinthu zili chonchi. Anapepesa chifukwa cha zonse anawanenera kuseri.

"Achimwene, bwererani kumudzi," anatero. "Takambirana, ya basi tisonkha ife. Munda wa amayi ulipo. Palibe adzakusekeni."

A Yobu anayankha kuti amva, nathokoza, nadula foni. Anzawo anaweramira pa fodya wawo, aliyense akuganiza za chithunzi chake cha pa njinga ija, imene tsopano ku Phalombe ndi ku Mulanje ankadziwa mwini wake. A Yobu anamaliza mtolo umene unali m'manja, anaumanga bwinobwino, n'kutuluka kulowera kudambo.

Fainess anawapeza chakumadzulo atabwerako, atakhala pa chitsa kuseri kwa chisakasa. Anagwada patali pang'ono. Anafotokoza zonse, za Shalom, za komiti, za ntchito imene ankayembekeza kuti idzawatulutsa onse pa esiteti. Anati msonkhanowo ausiya, sapitako. Ankalakalaka atamukalipira, ngakhale kumutukwana kumene, kuti mlandu uthe.

A Yobu anamvetsera mpaka pamapeto. Chibadwire chake mwanayu ankamuti iwe, koma tsiku limenelo anamuyankha mwaulemu, monga ankayankhira alangizi a fodya akabwera pa esiteti.

"Ayi, pitani mukalankhule, amayi," anatero, maso ali ku munda. "Mwaigula modula nkhani imeneyi. Mukaisiya ndiye kuti ine mwandivula pachabe."