Maselo a Yesaya

Yesaya ankayendetsa thirakitala yonyamula masamba a tiyi kuchokera kuminda kupita kufakitale. Pa esiteti ponse ankadziwika ndi kuimba mokuwa akamatsika chitunda, komanso ndi mantha a jakisoni. Pakabwera katemera, iye ankapezeka kuti wapita kumaliro ku Thekerani.

Mlongo wake Joan, yemwe anali namwino ku Joni, anadwala khansa ya m'magazi. Madokotala kumeneko anati mankhwala okha sakwanira, pafunika wachibale woti amupatse maselo. Abale onse anapita ku Blantyre kukayezedwa, ndipo zotsatira zitabwera, wofanana ndi Joan anali Yesaya yekha.

Joan anaimba foni ndi mawu ofooka. "Achimwene, akuti chimene chingandichize chili m'mafupa mwanu." Asanamalize, netiweki inathawa.

Yesaya anakhala pakhonde akudzigwira mwendo. Anaganiza kuti akamuchotsa fupa lathunthu. Kukana sakanakana, chifukwa Joan ndi amene ankamubereka kumsana amayi awo akamathyola tiyi. Choncho anayamba kutsanzika. Wailesi anapatsa mlamu wake Fraser. Anakalowanso kwaya imene anaisiya kalekale.

Mkazi wake Tione anapirira mpaka tsiku limene anamva Yesaya akufunsa kalipentala za ndodo zoyendera.

"Bambo a Keith, valani malaya. Tikupita kukiliniki mukamve bwinobwino."

Pakiliniki ya pa esiteti anapeza a Mildred, dokotala wamng'ono wa pamenepo. Yesaya anafunsa mosazungulira: "Adokotala, atenga lakumanja kapena lakumanzere? Chifukwa lakumanzere ndi la kalachi."

A Mildred anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Palibe akuchotseni fupa, bambo. M'kati mwa mafupa muli mafuta aja mumapsipa mukamadya nyama ya mbuzi. Mmenemo muli timaselo totchedwa masitemu selo. Mwawaonapo anthu amene angolembedwa kumene ntchito nyengo ya mvula, ataima pabwalo kapitawo asanawagawe? Wina adzathyola, wina adzapalira, wina apita kufakitale. Timaseloti n'totero. Sitinapatsidwe ntchito. Thupi likafuna, kena kamasanduka selo lonyamula mpweya, kena lolimbana ndi matenda, kena loumitsa magazi pabala. Ndipo timaberekana tokha. Ta alongo anu tasokonekera, ndiye akufuna tanu."

"Nanga ine nditsala ndi chiyani?"

"Tanu tibwerera pakangopita masabata ochepa. Akakubayani jakisoni masiku angapo kuti timaseloto tituluke m'mafupa tilowe m'magazi. Kenako makina akazitenga magazi dzanja ili, kusankhamo timaselo, n'kubweza otsalawo dzanja linalo."

"Jakisoni masiku angapo?" Yesaya anatero, nkhope itagwa. "Bola fupa lija."

Komabe anapita. Inali ndege yake yoyamba, ndipo anaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi kuyambira ku Chileka mpaka kutera. Jakisoni woyamba anamubaya atatsinzina, akuitana dzina la malemu amayi ake. Wachiwiri anangolira pang'ono. Msana ndi ziuno zinaphwanya ngati malungo, koma tsiku la makina anagona pabedi akuonera mpira, manja onse ali ndi timapaipi, akukangana ndi namwino za penate. Pomaliza anamuonetsa kathumba ka madzi ofiirira.

"Basi? Ulendo wonsewu kathumba kameneka?"

Joan anamuona kudzera pagalasi, chifukwa sankaloledwa kuyandikana ndi anthu. Anali ataonda, tsitsi litatha, koma anakweza chala chachikulu. Yesaya anatembenuka n'kupukuta maso ndi kolala.

Asanabwerere, dokotala wina wachitsikana anabwera kudzamupempha chinthu. Anati timaselo pang'ono timene tatsala angakonde kutitengera ku yunivesite. Kumeneko amatilera m'timbale, kuona mmene timakulira ndi kuyeserapo mankhwala atsopano, ndipo maselo a anthu a kuno kwathu ngosowa m'kafukufuku wotere. Anati ali ndi ufulu wokana.

"Ku yunivesite?" Yesaya anafunsa kawiri kuti amvetse. Iye sukulu analekera sitandade seveni. "Tengani. Koma muwauze kuti ndi a ku Thyolo."

Atafika kumudzi, anthu anamuzinga kudzaona ngati akutsimphina. Iye anawavinira pang'ono pamsewu. Lolemba lake anali kale pathirakitala, ndipo pamalo opimira masamba anaimitsa mzere wonse akufotokoza za anthu osagawidwa ntchito amene amakhala m'mafupa.

"Inu mukundiona ndili pano," ankatero, "koma mbali ina ya ine ili ku yunivesite."

Joan anachira pang'onopang'ono. Panali masabata ena ovuta, kutentha thupi ndi kusanza, ndipo Tione ankagwira foni ndi manja awiri ikangolira. Koma chaka chisanathe madokotala anati magazi ake akupangidwa ndi maselo a mchimwene wake, ndipo akuyenda bwino.

Anabwera kumudzi pa Khirisimasi, tsitsi litamera lalifupi. Tione anaphika kalongonda, ndipo Joan anadya mbale ziwiri n'kupempha yachitatu.

"Alamu, kale simunkadya chonchi," anatero Tione.

"Afunseni amuna anuwa," Joan anayankha akuloza Yesaya ndi supuni. "Magaziwa ndi awo."