Kachitseko ka Mpweya

Ndinazindikira kuti batani lija lafa tili m'njira yochokera kuchipatala. Kutsogolo kwathu kunali chilole chonyamula miyala, chimene chinkasanza utsi wakuda bii chikamasintha giya. Ndinakweza magalasi onse, kenako ndinadina batani la chithunzi cha galimoto yokhala ndi kamuvi kozungulira m'kati mwake. Ntchito ya batani limeneli ndi kutseka mpweya wakunja kuti m'galimoto muzizungulira wam'kati wokhawokha. Kanyali kake kanayaka bwinobwino, koma kuseri kwa dashibodi kunamveka kaphokoso kakuti te-te-te, ndipo utsi unapitiriza kulowa ngati tauitana.

Bambo anga anali pampando wa pambali panga. Anayamba kutsokomola chifuwa chawo chija chowapinda pakati, mpaka misozi inalengeza. Ndinaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti chilole chipite kutali.

Tsiku lomwelo dokotala anali atatiuza kuti opaleshoni ya Bambo ichitika sabata yotsatira. Kachotupa kamene anakapeza m'phapo lakumanzere kanali kakang'ono, kotheka kuchotsa. Koma anatsindika mfundo imodzi: munthu amene akusutabe fodya akagonetsedwa tulo ta opaleshoni, mapapo ake angathe kukana kudzuka naye limodzi. Anawayang'ana Bambo m'maso n'kuwafunsa ngati anasiyadi.

“Ndinasiya tsiku limene mwana wangayu ananditenga kukakhala kwake,” anatero Bambo.

Ine ndinagwedeza mutu mwamphamvu. Ndinachitira umboni ndi mtima wonse, poti m'nyumba mwanga simunamvekepo fungo la fodya.

Madzulo ake ndinauza amuna anga za batani lija. Iwo ndi mphunzitsi, komanso amaimba kwaya kutchalitchi, ndipo mmero wawo amausamala ngati dzira.

“Isiyeni, Mayi,” anatero osandiyang'ana. “Ndidzapita nayo kugalaja mwezi ukatha.”

“Mwezi ukatha opaleshoni idzakhala itapita kale. Mukufuna Bambo akafike kuchipatala atameza utsi wa msewu wonse?”

Bambo anaika kapu yawo pansi. “Mkamwini akunena zoona, Kamakaniko. Magalimoto a masiku ano si ogwiragwira. Mawaya okhaokha. Ukakhudza apa, chimafa ndi china uko.”

Mawu amenewa anandidabwitsa. Bambo anayendetsa malole moyo wawo wonse, ndipo dzina lakuti Kamakaniko anandipatsa ndi iwowo chifukwa ndili mwana ndinkawagwirira sipanala akalowa pansi pa galimoto. Sanauzepo munthu kuti chinthu chisagwiridwe. Ngakhale atadwala chonchi, masana alionse ine ndili kushopu kwanga kosoka zovala, iwo ankachotsa makiyi pamsomali n'kukaliza injini pabwalo. Ankati galimoto yongokhala imadwala nyamakazi. Tonse tinkawathokoza chifukwa cha zimenezi.

Ndinaganiza kuti matenda ndi amene awafooketsa mtima. Choncho ndinatsimikiza kukonza ndekha, ndiwaonetse kuti zimene anandiphunzitsa sizinapite pachabe.

Loweruka m'mawa, Bambo ali kosamba ndipo amuna anga akusita malaya a kwaya, ndinatuluka ndi tochi, sikuludiraiva ndi foni. Pafonipo ndinali nditaonera kanema wa munthu wina amene anafotokoza bwino lomwe. Kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala, kutsogolo kwa mpando wa wokwera, kuli kachitseko kapulasitiki. Ukadina batani, kamota kakang'ono kamatembenuza kachitsekoko, kutseka njira yakunja. Phokoso la te-te-te limatanthauza kuti mano a kamotako atha, kapena pali chinthu chimene chatsekereza kachitseko.

Ndinakankhira mpando kumbuyo n'kugwada pansi, chitseko chili chotsegula. Ndinatulutsa zonse za m'kabokosi: mapepala a galimoto, magalasi adzuwa othyoka mwendo, ndi timitengo tapepala tonunkhiritsa galimoto, tatsopano, tambirimbiri. Ndinaseka ndekha. Amuna anga anali atayamba kugula timeneti ngati akufuna kutsegula golosale.

Munthu wa pakanema uja anati kabokosiko kamalimba, uyenera kufinya mbali zonse ziwiri mwamphamvu kuti kagwe. Kathu ndinangokakhudza pang'ono, n'kugwera m'manja mwanga. Timano take tinali tosalala ngati chogwirira cha mpeni wakale.

Ndinaunika ndi tochi. Ndinaona chivundikiro cha sefa ya mpweya, pamwamba pake kachitseko kaja katatsegukira mbali yakunja. Ndinatembenuza kiyi pang'ono osaliza injini, n'kudina batani. Kachitseko kananjenjemera, kanayesa kuyenda, kenako te-te-te. Kamota kanali kamoyo. Pakona, pamene kachitseko kamayenera kudutsa, panaoneka kanthu koyera.

Ndinkayembekezera chisa cha khoswe kapena tsamba louma. Ndinazimitsa kiyi, n'kulowetsa dzanja cham'mbali mpaka pulasitiki inandikanda pamkono. Zala ziwiri zokha ndi zimene zinafika. Ndinapana kanthu kaja n'kukoka pang'onopang'ono.

Inali paketi ya ndudu.

Ndinakhala pansi pafumbi, paketi ili m'manja. Sindikudziwa kuti ndinaiyang'ana nthawi yaitali bwanji. Inali yophwanyika mbali imodzi, pamene kachitseko kankaimenya. Pakati pake inali yomangidwa ndi kamphira kodula kuchubu cha tayala. Nditamasula kamphirako, ndinapeza ndudu iliyonse itadulidwa pakati ndi lezala, modula bwino, zidutswa zake zitasanjidwa mitu pansi.

Padziko pano ndikudziwa munthu mmodzi yekha amene amachita zimenezi. Ndili mwana ndinkaona paketi zomangidwa chonchi m'thumba la ovolosi, ndipo mwini wake ankati dalaivala wanzeru amasuta theka, theka linalo n'kusungira phiri lotsatira.

Ndinasolola sefa ya mpweya. Pakanema paja inali yoyera ngati pepala. Yathu inali yachikasu choderako, yomata, ndipo fungo lake linandifika pakhosi. Pamwamba pa nyumba ya sefayo panali kashelefu kakang'ono, pamene panagona machesi ndi paketi ina, yatsopano, yomangidwanso ndi mphira.

“Mayi, mwaona kuti tayi yanga ya…”

Amuna anga anaima pakhomo, malaya ali paphewa. Anayang'ana kabokosi kali pansi, anayang'ana m'manja mwanga, ndipo nkhope yawo inagwa. Sanafunse kuti n'chiyani.

“Izi ndi za ndani?” ndinafunsa.

“Ndi zanga.”

“Zanu.”

“Ee. Ntchito yachuluka kusukulu. Maganizo.”

“Inu amene mumakana madzi a m'firiji kuti angakuonongereni mawu? Inu amene mumathawa kukhitchini anyezi akamapsa?”

“Munthu amasintha, Mayi.”

Ndinadzuka, ndinatenga chidutswa chimodzi ndi machesi n'kuwapatsa. “Yatsani ndione.”

Anazilandira ngati ndawapatsa njoka. Anaika nduduyo pakamwa chambuyo, n'kuitembenuza, machesi awiri n'kuthyoka. Wachitatu atayaka anakoka kamodzi kokha. Anatsokomola mpaka kugwira khoma, maso ali psuu, malaya a kwaya atagwera pansi.

“Mkamwini, taya chimenecho usanafe.”

Anali Bambo. Anali ataima kumbuyo kwa amuna anga, thaulo lili m'khosi, sopo asanamuchotse bwino kukhutu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pagalimoto, nasuzumira pamene ndinatsegula paja.

“Waitulutsa ndi chiyani?” anandifunsa.

“Ndi zala.”

“Ine ndinayesa ndi waya, ndinayesa ndi pulayala. Manja angawa ndi aakulu. Inatsetsereka tsiku lina ndikubweza mofulumira, nditamva geti likulira.”

Ankalankhula ngati tikukambirana za bawuti imene yagwera mu injini.

“Ndiye kuliza injini kuja, Bambo? Nyamakazi ya galimoto ija?”

“Injini ndinkalizadi. Fani n'kuitsegula mpaka kumapeto, magalasi pansi. Pofika madzulo fungo lonse latha.” Anakanda kumutu. “Theka lokha patsiku, mwanawe. Theka si kusuta.”

Ndinatembenukira kwa amuna anga. “Nanga amagula ndani? Bambo satuluka pageti.”

Iwo anayang'ana nsapato zawo.

“Ndi inu?”

“Mayi, tandimvetsani. Ndi apongozi anga. Akandiitana n'kunena kuti, mkamwini, podutsa pagolosale paja undikumbukire, ine ndiyankhe chiyani? Ndinene kuti ayi? Pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo. Ndinayesa kuiwala dala kamodzi, sanandilankhule mpaka Lamlungu.”

“Timitengo tonunkhira tija?”

“Tija ndiye anali maganizo anga,” anavomera motsitsa mawu.

Ndinakhala pampando wa galimoto. Anthu awiri amene ndinkadya nawo patebulo limodzi tsiku ndi tsiku. Mmodzi ndinkamuwerengera mapiritsi m'manja, winayo ankandithandiza kutseka mawindo anansi akamatentha zinyalala. Ndipo ine ndinakagwedeza mutu pamaso pa dokotala.

“Bambo, Lachinayi akukugonetsani. Munamva zimene ananena. Mukanangolowa osanena?”

“Ndikananena bwanji iwe uli pompo, ukundinyadira chonchija?”

Ndinatenga sefa ija n'kuwaikira m'manja. Anaitembenuza uku ndi uku, anaikanda ndi chikhadabo, anainunkhiza. Munthu amene wakhala akusintha masefa moyo wake wonse safunika kumuuza. Anaigwira nthawi yaitali.

“Iyi ndi ya miyezi yochepa chabe,” anatero chapansipansi.

Ndinagwadanso kumalizitsa ntchito yanga, chifukwa ndikanapanda kugwira kanthu ndikanalira. Ndinapukuta njira ya kachitseko ndi kansalu, ndinakayendetsa ndi chala kuona ngati sikanathyoke, kenako ndinatembenuza kiyi n'kudina batani. Kachitseko kanayenda mwakachetechete mpaka kutseka kuti phi. Ndinadinanso, kanatseguka. Bambo anawerama kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukulira ngati wezulo.

“Paka girisi pang'ono pamene pakuzungulirapo,” anatero. “Pang'ono pokha.”

Ndinapaka. Amuna anga sanapite kukwaya tsiku limenelo. Ndinawatuma kukagula sefa yatsopano, ndipo anathamanga ngati mwana amene wakhululukidwa, ngakhale ndinali ndisanawakhululukire. Makiyi sindinawabwezere pamsomali.

Lolemba tinapita kuchipatala kukapimitsa komaliza. Ndinali nditawauza Bambo kuti ine sindinena kanthu, koma sindigwedezanso mutu. Mumtima ndinkadziwa kuti akanama ndiulula ndithu, ndipo ndinkaopa mmene adzandiyang'anire pambuyo pake.

Dokotala anawamvetsera pachifuwa, kutsogolo ndi kumbuyo, nakhala pansi.

“Fodya ndiye tinasiyana naye, eti Bambo?” anafunsa, cholembera chili kale papepala.

Bambo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana khoma.

“Ndinakunamizani, adokotala,” anatero. “Ndakhala ndikusuta theka tsiku lililonse. Lomaliza linali Lachisanu.”

Dokotala anaika cholembera pansi pang'onopang'ono. Anavula magalasi, natiyang'ana tonse awiri.

“Ndani wakuuzani kuti munene?”

“Galimoto,” anatero Bambo.

Dokotala sanaseke. Anati opaleshoni ya Lachinayi yalephereka. Aisuntha ndi masabata angapo kuti mapapo apumeko, ndipo ayamba awajambulanso kuti aone ngati kachotupa kangadikire. Anawalembera mankhwala othandiza chilakolako cha fodya. Potuluka anandiitana pambali n'kundiuza kuti zikanakhala zoopsa kwambiri. Ndinangoti ndamva.

Pobwerera tinapeza mzere wa magalimoto pamalo pamene akukonza msewu. Kutsogolo kwathu kunali basi yakale, ndipo itayamba kuyenda inatulutsa mtambo wakuda. Ndisanachotse dzanja pachiwongolero, Bambo anatambasula chala chawo chachikulu chija n'kudina batani. Tonse tinatchera khutu. Kuseri kwa dashibodi kunamveka kuti phi, utsi n'kudutsa pagalasi osalowa.

“Girisi unachulutsa,” anatero Bambo.

“Sindinachulutse.”

Tinadutsa basi ija. Kenako anakonza pakhosi.

“Pansi pa tayala la sipeya pali paketi ina. Ukafika uchotse wekha, mkamwini asaone. Angayesenso kuyatsa.”