Nyale ya Pakhonde Pathu

"Tiyeni titsikire kuseri kwa njanji," anatero Meredith, akugwedeza thumba lake la maswiti. "Ndikufuna ndikaone zimene amphawi amagawa."

Ndinaseka nawo, koma m'kati mwa chinsalu changa thukuta linali kamukamu. Linali tsiku la Halowini, pamene ana amavala zodzibisa n'kumagogoda khomo ndi khomo usiku kupempha maswiti, chaka chimene fakitale ya zitsulo m'tauni mwathu ku Ohio inatsekedwa, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Meredith anavala ngati mfumukazi, Paige ngati mphaka, zonse zogula kusitolo. Ine ndinali mzukwa: chinsalu cha pabedi chimene amayi anachiboola maso awiri, n'kuchipinda m'munsi kuti ndisapunthwe.

Atsikana awiriwa anali a kumtunda, kumene khomo lililonse limagawa chokoleti chachikulu. Kuti andilole kudya nawo patebulo limodzi kusukulu, ndinawauza kuti nanenso ndine wa kumtunda komweko. Amati bodza lilibe mwendo, koma langali linali litayenda miyezi iwiri, ndipo tsopano linkatsetsereka kulunjika kwathu.

M'mawa wa tsikulo ndinali nditapeza amayi akuviika maapozi m'shuga wosungunula, atawabaya patimitengo.

"Amayi, zopanga pakhomo palibe amadya masiku ano. Makolo amangotaya, akuti mumakhala malezala."

"Malezala ndiwatenga kuti? Abambo ako pochoka muno anatenga onse," anayankha akunyambita chala. "Maswiti a kusitolo sindingakwanitse, Rhonda. Koma mwana sangagogode pano n'kubwerera chimanjamanja."

"Ndiye mungozimitsa nyale ya pakhonde. Chonde."

Lamulo lake ngakhale khanda limalidziwa: nyumba yozimitsa nyale sagogodapo. Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino, ndizimitsa."

Sanazimitse. Titangokhotera mumsewu wathu ndinaiona ikuwala ngwee, dzungu losemedwa nkhope likumwetulira pamasitepe.

"Uko kununkha, tiyeni tibwerere," ndinatero.

"N'chifukwa chake tabwera," anayankha Paige, n'kugogoda.

Amayi anatsegula atavala chipewa cha mfiti chimene anadula okha papepala lakuda, thireyi ya maapozi ili m'manja, yodzaza ngati palibe anatengapo.

"Maswiti, apo ayi tikusowetsani mtendere!" anafuula anzangawo.

"Mayo ine, ndafa! Mfumukazi, mphaka, ndiponso..." Maso awo anatsikira pampendero wa chinsalu changa, pa ulusi wawo womwe. Anatsegula pakamwa. Ndinapukusa mutu pang'ono chabe, ndipo anatseka. Anatipatsa aliyense kamtengo kake.

Meredith anakagwira ndi zala ziwiri ngati mchira wa khoswe.

"Mayi, izi mwapanga nokha? Ndi manja anuwo?"

"Eya, mwanangu, lero lomwe. Talawa, sudzaiwala."

"Kwathu zopanda pepala la kusitolo timapatsa galu."

"Wathu sangayerekeze n'komwe," anawonjezera Paige.

Meredith anatambasula dzanja, n'kutaya pamasitepe amayi akuona. Shuga uja anasweka ngati galasi. Paige anachita chimodzimodzi. Ndiye onse awiri anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe Rhonda ukudikira chiyani? Kapena ndi achibale ako?"

Ndikanatha kukhala chete. Mzukwa suyankhula, palibe akanandiimba mlandu. Koma mantha ali ndi pakamwa pawopawo.

"Achibale a ndani? Ine?" Ndinaponya pansi mwamphamvu kuposa onse, n'kupondapo ndi nsapato. "Mayi inu, ngati mulibe chogawa muzingozimitsa nyale. Mukudzichititsa manyazi."

Anzanga anafa nalo phwete. Meredith anandikoleka dzanja m'khosi, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo ndinene zoona, ndinakondwa. Ndinakondwa mpaka kumapazi.

Amayi sanakalipe. Anavula chipewa chija, n'kuchigwira pachifuwa.

"Ndamva," anatero motsitsa mawu. "Muyende bwino, ana inu. Mzukwa iwe, uzikweza chinsalucho potsika, masitepewa ndi oterera."

Tinabwerera kumtunda, tinagogoda makomo ena khumi, thumba langa linadzaza mpaka kundipweteka paphewa. Amayi anakhala ndi moyo zaka zina makumi atatu, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandimenya.

Nditasiyana ndi anzanga, ndinazungulira njira ya kutchalitchi kuti asaone kumene ndikulowera. Mumsewu wathu munali mukadali phokoso, timfiti ndi tizigaza tikuthamanga khomo ndi khomo, makolo akutiunikira ndi matochi. Makonde ena onse ankawala. Kamtsikana kena kovala ngati njuchi kanaima pageti pathu, koma bambo ake anakakoka dzanja.

"Apo ayi, mwanangu. Sukuona kuti azimitsa?"

Masitepe anali atatsukidwa, akadali onyowa. Dzungu lija panalibe. Ndinayesa chitseko, chinali chokhoma, ndipo kiyi ndinali nditamusiya m'thumba la diresi ya kusukulu. Kudzera m'zibowo ziwiri zimene amayi anandiboolera ndinkaona kuwala kwa kukhitchini kukutulukira pansi pa chitseko, ndipo ndinkamva madzi akutsikira m'mapoto.

Ndinakweza dzanja kuti ndigogode. Ndinaima choncho mumdima wa pakhonde pathu, dzanja lili m'mwamba, thumba la maswiti a eni likulendewera paphewa.