Mawu a Telala mu Foni

Telala anavala jekete ya kuukwati ngakhale kunja kunali dzuwa loswa mtengo. Akazi ake anadzola mafuta mpaka chipumi chinkawala. Mwana wawo wamkazi, uja wa kukoleji, anaika foni patebulo lodulirapo nsalu.

"Bambo, ndikujambula mawu okha. Nkhope siituluka."

"Zilibe kanthu. Koma kusukulu kwanuko mumaphunzira kulankhula? Si unayamba uli ndi zaka ziwiri iwe?"

"Timafufuza mmene chilankhulo chimayendera. Ena amaona pomwe lilime limagunda potulutsa mawu, ena mmene mawu amalumikizirana, ena matanthauzo ake. Ine andituma kujambula mmene anthu amachezera pakhomo. Ndikapanda kupereka mawa, phunziroli ndibwereza chaka chamawa."

"Ndiye pali munthu wamkulu ndithu amene amalawirira kukasuzumira m'kamwa mwa anzake?" anafunsa amayi ake, maso ali tong'o.

Mtsikanayo anayatsa foni. Telala anakhosomola n'kuiweramira.

"Mayi akunyumba, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, bambo, kaya inu?"

Anthu oti agona nyumba imodzi zaka makumi atatu ankalonjerana ngati akumana pasiwa. Mphindi khumi zinatha akungothokozana. Mtsikana uja anagwira mutu. Zimenezi akapereka kwa ndani? Kenako anafunsa ngati sakudziwa kanthu.

"Amayi, diresi lija anakusokerani bamboli, bwanji simulivala?"

"Diresi liti? Thumba la makala lija?"

"Iwe!" Telala anadzuka. "Ndinakuyeza bwinobwino! Unabweza mimba dala pamene ndinkazunguliza tepi!"

"Nanga dzanja lina kutalika, ndinabwezanso dzanja?"

Apa ndiye zinayenda. Za foni anaziiwala, mpaka anafukula za nsalu ya makatani imene inapsa ndi simbi mwanayo asanabadwe. Makolowo atatopa, mtsikanayo anawatsegulira zimene anajambula zija kuti amve. Telala anatchera khutu, pakamwa pali yasa.

"Ndine ameneyu? Chikhalirecho makasitomala sindiwalankhula chonchi. Ndiye kuti ndili ndi pakamwa pawiri?"

"Aliyense ali napo, bambo. N'zimene ndikufufuzazo. Koma mawu ndi anu. Mukakana ndifufuta."

Chala chake chinali pafoni. Telala anayang'ana akazi ake, akazi ake anayang'ana kudenga.

"Bweza pamene ndikunena za tepi paja," anatero.

Anamvetsera kachiwiri, akugwedeza mutu.

"Kapereke. Koma ukawauze aphunzitsi akowo kuti diresilo linalibe vuto."