Mlongoti pa Balani

Ntchito ya Ennie pa esiteti ya fodya ku Lisasadzi inali yoyankha foni. Abwana akaimba kuchokera ku likulu la kampani ku Kasungu Boma, iye ankayankha, n'kuthamanga kumunda kukaitana kapitawo. Nyumba imene ankakhala ndi ana ake inali ya esiteti, yopatsidwa kwa wapantchito basi.

Akuba atamaliza waya wakale wa m'mapolo, kampani inatuma a Frazer, mmisiri wa mafoni.

"Njira zilipo ziwiri, achemwali," anatero a Frazer. "Yoyamba ndi kabokosi ndi mlongoti. Mlongotiwo umayang'anizana ndi unzake wa ku Boma, ndiye foni yanu ya patebuloyi imalira ngati muli khomo limodzi ndi abwana. Koma umafuna pamwamba, popanda chotchinga."

"Nanga yachiwiri?"

"Imeneyo siifuna tebulo. Timangoika kapulogalamu m'foni ya kapitawo aliyense, n'kumayendera intaneti. Abwana amamupeza munthu ngakhale ali kuchimbudzi."

Anaseka okha. Ennie anaona msanga kuti njira yachiwiriyo inalibe malo ake iye.

"Yesani ya mlongotiyo, achimwene. Kuno netiweki imathawa mvula ikagwa."

Padenga la ofesi mabulugamu anatchinga. Pathanki ya madzi, chimodzimodzi. Ndipamene Ennie analoza balani lalitali lowotcheramo fodya. Munali mu Okutobala, balanilo lili zii, nkhuku zikuikiramo mazira. A Frazer, munthu wokulira m'tauni, anangokwera n'kumanga. Ennie anakulira pa fodya, ankadziwa bwino zimene zimachitika pamenepo masamba akakhwima. Anangodziuza kuti za m'tsogolo adzaziona m'tsogolo momwemo.

Foni inalira bwino mpaka anthu atayamba kuthyola fodya. Moto utakolezedwa m'balanimo, mawu anayamba kudukaduka, kenako kunangoti zii. Waya wotsika pakhoma unali utasungunuka ngati phula.

Ennie anapita kwa a Benjamin, kapitawo wamkulu.

"Bambo, simungazimitseko balani limodzi lokhali?"

"Amayi inu, fodya wangoyamba kusanduka chikasu mkatimu. Ndiwoletse fodya chifukwa cha halo?"

A Frazer atabweranso sanatenge makwerero. Anakhala pakhonde, makapitawo atandanda, aliyense foni kumanja kudikira kapulogalamu kaja.

"Ndinawapempha abwana kuti tiimike polo lachitsulo," a Frazer anamuuza Ennie, maso ali pa kafoni ka munthu wina. "Akuti fodya sangadikire simenti kuuma."

"Ndiye ine?"

"Zimenezo muzimva kwa iwo, achemwali. Ine ndi wa mawaya chabe."

Ennie anazungulira kushedi kukafunsa ngati kungapezeke malo osankha fodya. Anapeza mabenchi odzaza kale, ena ataima panja kudikira kuti wina adwale. Atafika kunyumba anauza ana kuti mawa pochokera kusukulu adzere kugolosale, akapemphe makatoni opanda ntchito.